Laputopu ya 4 GB ndi Mulu wa Manotsi a ku Domasi

Lolemba

Ndayamba kulemba kapulogalamu kofufuzira mawu m'manotsi athu. Pano pa Domasi College of Education aliyense ali ndi fulashi yodzaza ma PDF: masilabasi ochokera ku Malawi Institute of Education, yomwe ili pafupi pomwepa, mapepala akale a mayeso a MANEB, manotsi a aphunzitsi. Koma ukafuna tsamba lomwe likukamba za nyanja ya Chilwa, umatsegula fayilo imodziimodzi mpaka maso kuwawa. Bandulo ndi yodula, ndiye ndikufuna chinthu chogwira ntchito popanda intaneti.

Makina ofufuzira sawerenga zolemba zonse munthu akafunsa. Amakhala atakonzeratu indekisi: liwu lililonse lili ndi mndandanda wa manambala osonyeza chikalata ndi malo amene likupezeka. Ndalemba zimenezi mu Python, ndipo pa mafayilo ochepa zinayenda bwinobwino. Nditaipatsa mulu wonse, fani inayamba kulira, mausi inauma, kenako pa sikirini panangotuluka liwu limodzi: Killed. Linux imapha pulogalamu ikamaliza memore.

Lachitatu

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anati, "Aise, ungokagula RAM ina ku Zomba basi." Ndalama yake ndilibe. Komanso amene ndikuwapangira chinthuchi ali ndi malaputopu otopa ngati yangayi, ndiye chiyenera kukwana mwa iwo.

Lero ndaphunzira kuyeza. Lamulo la /usr/bin/time -v limaonetsa memore yochuluka kwambiri imene pulogalamu inafikapo, ndipo tracemalloc imaloza mzere weniweni umene ukuidya. Ndadziikira malamulo: mafayilo omwewo, ndondomeko yomweyo, Chrome yotseka, kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, zotsatira kuzilemba m'kope.

Odya memore si mawu ayi, ndi manambala. Pa kompyuta ya 64-bit, nambala wamba ya Python imatenga mabaiti 28, kuwonjezerapo ena 8 oilozera mu list. Mabaiti 36 pongofuna kukumbukira kuti liwu lakuti "ndi" lili pamalo akutiakuti! Ndipo "ndi" ali paliponse, pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Nambala yomweyo ukaiika mu array imatenga mabaiti 4. Ndasintha mizere yochepa chabe, fani yaleka kulira msanga. Mtima wanga unachita kuti myaa.

Lachisanu

Buku la Introduction to Information Retrieval la Manning, Raghavan ndi Schütze, la 2008, landipatsa nzeru ziwiri. Yoyamba: manambala akasanjidwa mokwera, usunge kusiyana kwake kokha. M'malo mwa 5000, 5003, 5010, usunge 5000, 3, 7. Nambala yosafika 128 imakwana mu baiti imodzi, choncho mawu ofala kwambiri ndi amene amapanikizika bwino.

Yachiwiri ndiyo yandigwira mtima. Sufunika kusunga indekisi yonse mu memore. Pokolola chimanga sunyamula munda wonse pamutu: dengu likadzaza umakakhuthula m'nkhokwe n'kubwereranso. Pulogalamu nayo imadzaza gawo la memore limene waipatsa, n'kulemba pa disiki, n'kuyambiranso, ndipo pamapeto imaphatikiza zidutswazo. Lucene, pulogalamu yofufuzira mawu imene Doug Cutting analemba mu 1999 ndipo Elasticsearch ndi Solr zimadalira, imachita chimodzimodzi. Ukapanda kusintha, imakhuthula ikafika pa 16 MB basi. Ndinadabwa kuona kuti makina odalirika chotere amayamba ndi kagawo kakang'ono chonchi.

Mtengo wake ulipo. Gawo likachepa, zidutswa zimachuluka ndipo kuphatikiza kumachedwa, makamaka pa hadi disiki yakale ngati yanga. M'kope ndawonjezera danga la nthawi pambali pa la memore. Magetsi atathima madzulo, zidutswa zolembedwa kale zinatsala pa disiki, sindinayambirenso pachiyambi.

Loweruka

Manambala ataphwa, chatsala chotupa ndi mndandanda wa mawu enieniwo, makamaka m'manotsi a Chichewa. Kompyuta imaona "ndinapita", "sindinapite", "tikapita" ndi "adzapitanso" ngati mawu anayi osiyana, lililonse ndi mndandanda wakewake. Chingerezi chili ndi chodulira mawu cha Martin Porter cha 1980, koma icho chimadula kumapeto, pamene ife zambiri timaziphatika kumayambiriro kwa mawu. Kudula mwachisawawa n'koopsa: ukachotsa "ku" paliponse, "kudya" asanduka "dya" bwinobwino, koma "kuti" ndi "kuno" aonongeka, ndipo wofufuza adzalandira masamba olakwika. Kupulumutsa memore mwa njira yotere sindikufuna.

Ndapempha mnzanga wa maphunziro a zilankhulo kuti Lolemba tikhale pansi tilembe aphatikiram'mbuyo a aneni ndi mawu osayenera kukhudzidwa. Tikatero ndidzayeza zinthu ziwiri pa mafayilo omwe aja: memore yatsika bwanji, komanso ngati wolemba "pita" akupezadi tsamba limene akufuna.