Tarragon Saopa Chisanu cha ku Kaning'ina

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Kuno ku Dedza kuli bwino, ndipo agogo ako akudzuka ndithu ngakhale maondo akuvuta. Uthenga wako unafika pamodzi ndi chithunzi cha kachitsamba kaja mnzako anakutengera kuchokera ku Johannesburg. Ukufunsa ngati uzikafunditsa pepala la pulasitiki usiku, poti Juni wayandikira ndipo ku Kaning'ina kumazizira mpaka mano kugundana. Usakafunditse. Koma nkhalamba ikapeza woimvera siyankha mawu amodzi, ndiye khala pansi.

Choyamba utsimikize kuti chomwe ukuleracho ndi tarragon wa ku France weniweni. Thothola tsamba limodzi, ulitafune. Likanunkhira mokoma n'kusiya lilime lili ngati lachita dzanzi pang'ono, ndi yemweyo. Likangomveka ngati udzu wowawira, ndiye kuti wapatsidwa mbale wake wa ku Russia, yemwe amakula msanga, amatalika kuposa mita, koma mumphika alibe ntchito. Agogo ako anaphunzira kusiyanitsa awiriwa pa zaka zomwe ankaphikira azungu ku Harare, mzindawo usanasinthe dzina la Salisbury mu 1982. Tarragon wa ku France sabereka njere zomera. Amafala ndi mizu kapena tinthambi, monga timachitira ndi nthochi ndi mbatata. Choncho paketi iliyonse ya mbewu yolembedwa dzina lake m'sitolo imakhala ndi njere za wa ku Russia uja, ngakhale chithunzi chake chikongole bwanji.

Tsono za kuzizira. Makolo a chomerachi, chomwe akatswiri amachitcha Artemisia dracunculus, ndi a ku Siberia ndi zigwa zouma za pakati pa Asia. M'minda ya ku Ulaya ndi ku Canada mizu yake imagona pansi pa chipale kwa miyezi, kuzizira kutafika madigiri 20 pansi pa ziro, koma ikafika nyengo yofunda imaphukanso. Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kutentha kumatsika pansi pa madigiri 10. Kwa munthu wovala malaya amodzi ndi nkhondo, kwa tarragon ndi kamphepo kayaziyazi. Ngakhale chisanu chomwe nthawi zina chimagwa m'madambo n'kupsereza tomato ndi nyemba chingangowaula masamba ake, mizu osaikhudza.

Kunena zoona, chomerachi chimakufuna kuzizirako. Chimayenera kugona chaka chilichonse: masamba kuchita chikasu, nthambi kuuma, pamwamba kuoneka ngati chafa. Apa ndi pomwe olima ambiri amalakwa. Amachimvera chisoni, n'kuyamba kuchithirira m'mawa ndi madzulo, ena kuthira feteleza kuti chidzuke, ena kuchilowetsa m'khitchini pafupi ndi mbaula. Tarragon wosagona amaphuka tinthambi tofooka, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu amazimiririka. Nkhawa ya agogo ako ndi yakuti kuzizira kwa ku Mzuzu kungachepe, osati kuchuluka. N'chifukwa chake chomeracho chikhale panja, mbali yozizira ya nyumba, Juni ndi Julayi yense.

Nthambi zikauma uzidule, usiye zitsa zotalika masentimita 5 mpaka 10. Kuthirira kukhale kwa apo ndi apo, pokhapokha chala chikalowa m'dothi n'kutuluka chouma. Udzu wophimbira ungaike pang'ono m'mbali, koma usakhudze tsinde.

Mdani weniweni wa tarragon ku Kaning'ina ndi madzi. Iwe ukudziwa kale mmene mvula ya kumeneko imakhalira. Kuno kuchigawo chapakati imatsazika mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, pomwe ku Mzuzu Epulo ndi mwezi wa mvula yeniyeni, ndipo imapitirira mpaka Meyi. Ikatha, mphepo ya mwera imabweretsa nkhungu ndi kamvula kowaza kochokera kunyanja, komwe kamagunda mapiri a Kaning'ina poyamba kasanafike m'tauni. Nkhalango ya m'mapiri amenewo ndi yomwe imadyetsa mtsinje wa Lunyangwa ndi damu lomwe mzinda wonse umamwako, ndiye wokhala m'mphepete mwake asadabwe kuti dothi la kuseri kwa nyumba silifulumira kuuma. Khofi, nthochi ndi mapeyala zimasangalala nazo. Mizu ya tarragon ikakhala m'dothi lonyowa ndi lozizira kwa masabata angapo imaola, ndipo mwini wake amadzazindikira mu Seputembala, poona kuti palibe chaphuka. Pulasitiki uja ukanangotsekera chinyezi chomwecho m'kati.

Choncho usamubzale pansi, m'katondo wofiira uja. Upeze mphika wadothi waukulu, wobowola pansi, chifukwa dothi lowotcha limapuma pomwe ndowa ya pulasitiki imasunga madzi. Usakanize dothi la m'munda ndi mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi manyowa owola bwino ochepa chabe. Dothi la m'dera la Mzuzu nthawi zambiri limakhala ndi asidi wochuluka, chomwe tiyi wa ku Kawalazi amakonda koma tarragon amadana nacho. Kadzanja kamodzi ka phulusa la nkhuni kapena laimu wa kumunda kamakonza zimenezo. Mphikawo uukhazike pa njerwa kuti madzi azidontha. Kuyambira Disembala mpaka Meyi ukhale pakhonde, pomwe dzuwa la m'mawa limafika koma madzi a padenga sagwera. Manyowa a nkhuku ambiri amatupitsa masamba n'kuchotsa fungo, ndiye usachite naye ngati chimanga.

Kukayamba kufunda, kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, timphukira tobiriwira tidzatuluka pa zitsa zija. Nthawi yogawa ndi imeneyo. Zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse uzule chitsa chonse, ulekanitse mizu yopiringizanayo ndi mpeni, utaye yapakati yokalamba, ubzale yam'mbali m'miphika yosiyana. Tinthambi tanthete ta masentimita 10 mpaka 15 timagwiranso mumchenga wonyowa pamthunzi. Mphika umodzi upatse mnzako wa ku Katoto kapena ku Chibavi. Tarragon wako akadzafa, pomwe ukagule wina m'Malawi muno ndi povuta, koma kwa mnzakoyo ukangopempha.

Masamba ake usavutike kuwayanika padzuwa ngati mfutso, fungo limathawa. Azungu a ku France amaika nthambi zingapo m'botolo la viniga woyera kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo viniga ameneyo amasunga fungo miyezi yambiri osafuna firiji, chinthu chothandiza magetsi akamathimathima. Ndi nkhuku, mazira ndi nsomba amayenda bwino kwambiri. Batala wa ku Nkhata Bay wowotcha, wothira tarragon wosakaniza ndi ndimu, angadabwitse alendo ako. Uziwaza kumapeto, mphika utatsala pang'ono kuphulidwa, ndipo pang'ono pokha chifukwa amaphimba zokometsera zina zonse.

Pali chinthu china chomwe agogo ako safuna kuti usokoneze. Anthu akamva dzina loti Artemisia amakumbukira chitsamba chija ena amalima kuseri kwa nyumba n'kumamwa ngati tiyi wa malungo. Chimenecho ndi Artemisia annua, msuweni wake. Kuchokera m'chomeracho katswiri wa ku China, Tu Youyou, anapeza mankhwala omwe anamupatsitsa mphoto ya Nobel mu 2015, ndipo ndiwo gwero la LA yemwe zipatala zathu zakhala zikupereka kuyambira 2007. Tarragon sachiza malungo, ndipo ngakhale tiyi wa msuweni wakeyo bungwe la WHO silivomereza kuti alowe m'malo mwa mankhwala. Mwana akatentha thupi, mutengere kuchipatala akamuyeze magazi.

Zikakanika ndithu, usadzione ngati wolephera ulimi. Ku Florida ndi ku Texas, komwe chinyezi ndi kutentha zimapha tarragon wa ku France, olima ambiri anasamukira kwa wa ku Mexico, Tagetes lucida. Uyu si mbale wake wapafupi, ndi wa banja la maluwa achikasu aja amabzalidwa m'mphepete mwa mabwalo a sukulu, koma fungo lake limayandikira, amamera ndi njere, ndipo mvula ya mu Epulo siimuopsa. Ophika enieni amati ndi wotsekemera mopitirira pang'ono. Agogo ako amavomereza, komabe angasankhe iyeyo kusiyana ndi wa ku Russia tsiku lililonse.

Upereke moni kwa bambo a kunyumbako ndi ana. Amalume ako akubwera ku Mzuzu mwezi wa mawa, ndipo akutengerani mphika wa kuno ku Dedza ndi thumba la mbatatesi.

Ndine agogo ako,
ku Dedza