Mawu Awiri Amene Anandidyera Mpamba

Ndikupereka umboni uwu kuti mnzanga wina asadzataye thukuta lake monga ndinatayira langa. Ndimagulitsa kaunjika, ndipo ndili ndi satifiketi ya MSCE. Satifiketi imeneyi sapatsidwa munthu amene walephera Chingerezi, choncho ndinkadzitenga ngati katswiri wa chilankhulochi.

Dzinja litayandikira, alamu anga anabwera kudzapempha K300,000 yogulira feteleza, n'kulonjeza kuti adzabweza akadzagulitsa soya. Ndalamayo inali mpamba woodera mabelo. Ndinang'amba pepala m'kope kuti tilemberane. Mayi akunyumba anati, "Abambo, lembani m'Chichewa kuti tonse timve." Ndinakana, poganiza kuti pepala la Chingerezi ndi limene limaopedwa pa mlandu. Ndinalemba kuti "I have borrowed my brother-in-law K300,000", ndipo tonse awiri tinasaina.

Soya anagulitsidwa, koma ndalama osaoneka. Nkhani itafika kwa amfumu, alamu anga anatembenuka n'kunena kuti iwo ndi amene anandikongoza ine. Amfumu anaitana mphunzitsi wopuma ntchito kuti awerenge pepalalo pabwalo. Atavala magalasi analiwerenga mwakachetechete, kenako anandiyang'ana mwachisoni. "Achimwene, m'Chingerezi munthu wonena kuti 'I have borrowed' ndi amene walandira. Wopereka amati 'I have lent'. Pepalali silikukuikirani kumbuyo." Panalibe mboni ina kupatula mkazi wanga, amene anali pakati pa mwamuna wake ndi mlongo wake. Mlanduwo unathera m'malere. Mpamba unapita, ndipo mpaka lero ana athu sayenderana.

Nditafatsa ndinazindikira gwero la vutoli. Ife timati "ndabwereka khasu kwa aneba" komanso "ndawabwereka khasu aneba", mawu amodzi omwewo n'kugwira mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amene amasokonezeka. Chingerezi chinagawa ntchitoyi pawiri. "Borrow" ndi kutenga chinthu kwa munthu kuti udzabweze, ndipo amayenda ndi "from". "Lend" ndi kupereka chinthu kuti chidzabwezedwe, ndipo amayenda ndi "to". Ambirife tinakula tikunena kuti "borrow me" m'kalasi popempha cholembera, anzathu n'kumatimva. Pakamwa zimapita, chifukwa nkhope ndi manja zimathandiza kumasulira. Pepala lilibe nkhope, limangonena zimene walemba.

Chichokereni tsiku limenelo ndakhala ndikusonkhanitsa mawu oyenda awiriawiri amene amakhudza ndalama. "Debtor" ndi munthu amene ali ndi ngongole, pamene "creditor" ndi amene akudikira kubwezeredwa. "Owe" ndi kukhala ndi ngongole, koma "own" ndi kukhala mwini wake wa chinthu, kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha. Pa mafomu a ngongole pamakhala "principal", kutanthauza ndalama yeniyeni imene watenga, ndi "interest", chomwe ndi chiwongoladzanja. Munthu wosaina osasiyanitsa mawu amenewa akhoza kuvomera ndi dzanja lake chinthu chimene mtima wake sunavomere.

Chimene chinandigwetsa si umbuli wokha ayi, komanso kunyada. Mkazi wanga anandilangiza bwino, ine ndinamunyoza. Dikishonale inali m'nyumba momwemo, m'chikwama cha mwana wa sukulu, koma sindinaitsegule. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Inu amalonda anzanga, a m'mabanki m'khonde ndi nonse okongozana pachibale, lembani mapangano anu m'chilankhulo chimene nonse mukuchimva bwino. Tchulani momveka amene wapereka, amene walandira, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lobweza, ndipo pakhale mboni yomwe si wachibale. Ngati pepala liyenera kukhala la Chingerezi, pezani wodziwa akuwerengereni musanasaine. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa munthu.