Kufunafuna Mlembi wa Bairro mu Mzinda wa Madrid

Ambiri a inu mwakhala mukufunsa m'mauthenga anu za m'mene tidakhazikikira kuno ku Spain, kumene tidafika mu Seputembala 2023 kudzapitiriza maphunziro, pamodzi ndi amayi a kunyumba ndi ana athu awiri. Za chisanu tidakuuzani kale, ndipo za kusowa kwa ufa woyera tidadandaula mokwanira. Lero tifuna kukamba za mawu ochepa chabe, mawu otchulira malo amene anthu amakhala, pakuti mawuwa ndiwo adatisautsa koposa chisanu.

Tivomere kuti tidanyamuka ku Tete ndi kamtima kodzikuza. Tinkati munthu amene adayamba Chipwitikizi m'kalasi yoyamba sangasokere m'dziko la Chisipanishi, popeza zilankhulo ziwirizi n'zapachibale monga Chichewa ndi Chinyungwe. Masiku oyamba adaoneka ngati akutivomereza. Kwathu timati bairro, kuno amati barrio, kungosuntha chilembo chimodzi basi. Praça yathu kuno ndi plaza, ndipo vizinho ndi vecino. Tidauza amayi kuti chilankhulochi tichimaliza Khirisimasi isanafike.

Mzinda wa Madrid udagawidwa m'zigawo zazikulu 21 zotchedwa distrito, ndipo m'zigawomo muli ma barrio 131. Ife tidapeza malo ku Orcasitas, imodzi mwa ma barrio 7 a distrito ya Usera, kum'mwera kwa mzinda, kumene sitima ya C-5 imaima pochokera ku Atocha. Kuno adilesi ya munthu siithera pa dzina la msewu. Pamakhala calle, ndiwo msewu, kenaka nambala, kenaka portal, ndilo khomo lalikulu la nyumba yosanjikizana, kenaka piso, ndipo pomaliza chilembo cha chitseko. Mawu akuti piso amatanthauza nsanjika imene munthu ali, komanso nyumba yeniyeniyo imene banja limagonamo. Nyumba yathuyathu sitidaikwanitse, lendi ya kuno njoopsa. Tidalowa m'zipinda ziwiri za m'nyumba ya bambo wina wochokera ku South America, amene nayenso ankachita lendi kwa mwini wake.

Sabata isanathe, funso limodzi lidayamba kutitsata paliponse. Ku sukulu ya ana, ku chipatala chaching'ono cha m'dera chimene amachitcha centro de salud, ngakhale kumene tidakafunsa za khadi ya mlendo yotchedwa TIE, aliyense ankafuna kudziwa ngati tili empadronados. Adatifotokozera kuti khonsolo ya mzinda uliwonse imasunga kaundula wotchedwa padrón, momwe mumalembedwa munthu aliyense ndi nyumba imene akugonamo, ndipo kuti kapepala kochokera m'kaundulamo ndiko kamene kamasonyeza kuti munthu ali ndi pokhala. Titamva izi mtima udakhala pansi. Tidati izi tikuzidziwa, ndi declaração do bairro yomwe ija. Kwathu munthu amayamba wapita kwa chefe wa quarteirão, iyeyo amamutumiza kwa mlembi wa bairro, mlembi amayang'ana nkhope, amafunsa kuti ndiwe mwana wa yani, nadinda.

Motero m'mawa wina tidavala jekete ndi tayi, tidatenga ziphaso zonse m'chikwama, n'kuyamba kufunafuna secretario del barrio. Tidafunsa wogulitsa buledi, adagwedeza mapewa. Tidafunsa mayi wa m'sitolo ya mankhwala, adaganiza kuti tikufuna ntchito ya ulembi. Bambo wina wachifundo adatiuza kuti ofesi ya bungwe la anthu a m'deralo ili pamtunda wa manzana ziwiri, ndipo ife tidaima kakasi, popeza sabata yomweyo tidali titaphunzira kumsika kuti manzana ndi apulo. Patapita masiku ndi pamene tidazindikira kuti mawu omwewo ndiwo quarteirão yathu, gulu la nyumba zozunguliridwa ndi misewu inayi. Mwana wathu wamng'ono mpaka lero amati timakhala m'kati mwa apulo.

Madzulo a tsikulo wina adatiuza kuti m'nyumba yathu yomweyo muli presidente. Tidasangalala kuti tapeza munthu wamkulu. Tidagogoda pa chitseko chake ndi ulemu wonse, manja kumbuyo monga pofika kwa mfumu. Adatuluka mnyamata wovala kabudula, supuni ili m'manja. Adali pulezidenti wa comunidad, ndiye kuti msonkhano wa eni nyumba za pa khomo limodzi, udindo umene kawirikawiri amangosinthana chaka ndi chaka, ndipo ambiri amauthawa. Ntchito yake ndi ya chikepe chikawonongeka ndi denga likadontha. Chidindo analibe. Safunsa adadya phula, amatero akuluakulu, koma ife tsiku limenelo tidafunsa mpaka kukhosi kuuma, phula n'kudyabe, chifukwa tinkafunsa munthu amene kuno kulibe. Barrio ya ku Madrid ilibe mlembi, ilibe mfumu. Amene amalemba anthu ndi ofesi ya khonsolo, ndipo kumeneko amapita munthu amene adapangana nawo tsiku pasadakhale.

Pali mawu ena amene adatibaya mwa njira ina. Tsiku lina tili mu sitima ya pansi pa nthaka tidaona siteshoni yolembedwa Colonia Jardín. Amayi adatikodola natiloza chikwangwanicho. Kwa ife amene makolo athu adalima thonje mokakamizidwa ndi kugwira chibalo, colónia si mawu owerenga mtima uli m'malo. Koma kuno colonia ndi kadera ka nyumba zomangidwa nthawi imodzi, nthawi zambiri zokhala ndi timinda ta maluwa, ndipo anzathu a ku Mexico amatchula dera lililonse la mumzinda ndi mawu omwewo popanda kuganiza za atsamunda. Winanso wa ku Argentina adadabwa titamuuza monyadira kuti tidabadwira pafupi ndi Vila Ulónguè, pakuti kwawo villa ndi dera la zisakasa.

Tsiku lathu ku ofesi ya khonsolo litafika, mayi wa pa desiki adatilandira bwino. Adapempha chimodzi mwa zinthu ziwiri: mgwirizano wa lendi wolembedwa m'dzina lathu, kapena kalata yosainidwa ndi amene ali ndi ulamuliro pa nyumbayo yovomereza kuti tikukhalamo. Mgwirizano tidalibe. Tidabwerera kunyumba ndi fomu, tidapempha bambo uja kuti asaine, ndipo adakana. Sadakane mwaukali. Adangoyang'ana pansi nanena kuti mwini nyumba sadziwa kuti iye adalowetsamo anthu ena, ndipo akadziwa tonse tidzagona pabwalo. Apa nkhani idakula, pakuti khadi ya mlendo imayenera kupemphedwa mwezi umodzi usanathe chilowereni m'dziko, ndipo masiku adali kutha.

M'masiku amenewo munthu wina, amene sitimutchula, adatikokera pambali atamva vuto lathu. Adati ali ndi mnzake amene angatilembetse pa nyumba yake ku Villaverde, ife tingopereka mayuro 200 pa mutu uliwonse, osafunikanso kukagonako ngakhale usiku umodzi. Adati ambiri amachita zimenezi. Tikadanena kuti tidakana nthawi yomweyo tikadakunamizani. Usiku umenewo tidawerenga ndalama zathu kawiri. Amayi ndiwo adadula nkhani ndi funso limodzi, kuti ana akadzafunsidwa ku sukulu kumene amakhala, tidzawaphunzitsa kuyankha kuti chiyani. Yankho tidalibe, ndipo ndalama zidabwerera m'chikwama.

Chimene chidatisowetsa tulo si pepala lokha ayi. Ena a inu mukukumbukira zaka za nkhondo, pamene midzi yambiri ya ku Angónia idathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ife tidali ana pa nthawiyo, koma tikukumbukira bambo athu ali pamzere tsiku lonse kuti dzina lawo lilowe m'buku, chifukwa wosalembedwa sankalandira ufa. Mtendere utabwera mu 1992 tidaganiza kuti mzere umene uja sitidzauimanso. Tsopano ndi ife apa, imvi zitayamba, mabuku a maphunziro ali m'chikwama, tikupempha kuti wina avomereze kuti tilipo.

Thandizo lidachokera pa nsanjika ya pansi, imene kuno amaitcha bajo. Pamenepo pamakhala agogo ena amasiye, a zaka zopitirira 75, amene kuyambira tsiku loyamba ankatipatsa moni wofanana: “Buenos días, vecino.” Amayi ndiwo adazolowerana nawo, powanyamulira kangolo ka kumsika pa masitepe a pakhomo. Tsiku lina adaona nkhope ya amayi yagwa, adawalowetsa m'nyumba, ndipo madzulo ake adatiitanitsa ifenso. Tidawafotokozera zonse m'Chisipanishi chathu chosakaniza ndi Chipwitikizi. Adatisiya mpaka tidamaliza, kenaka m'malo moyankha adayamba kutiuza mbiri yawo.

Adati nawonso adafika pano ngati alendo, ali mtsikana, kuchokera ku mudzi wina wa ku Extremadura kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene anthu osauka a m'midzi ankakhamukira ku Madrid kudzafuna ntchito. Orcasitas panthawiyo idali dambo la matope lodzaza ndi zisakasa, zimene kuno amazitcha chabola. Bambo awo adamanga chawo usiku umodzi mothandizidwa ndi anthu amene sankawadziwa n'komwe, kuti m'mawa apolisi apeze denga lili kale pamwamba. Madzi ankatunga m'mitsuko, ndipo popita kuntchito m'tauni ankanyamula nsapato zina m'thumba kuti anthu asadziwe kumene achokera poona matope. Amayi atamva za nsapatozo adaseka mpaka misozi, chifukwa n'zimene timachita tonse dzinja likafika.

Anthu a m'zisakasa aja ndiwo adakhazikitsa bungwe lawo, asociación de vecinos, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, boma la Franco likadalipo. Adalimbana mpaka kukhoti, ndipo khoti lidagamula kuti lonjezo lolembedwa m'mapulani a boma, loti iwo adzapatsidwa nyumba pamalo omwewo, liyenera kusungidwa. Nyumba zosanjikizana zimene tikukhalamozi zidachokera pamenepo, ndipo mabwalo ena a m'derali ali ndi maina a nkhondo imeneyo, monga Plaza de la Asociación ndi Plaza de la Memoria Vinculante. Tidali titadutsapo kambirimbiri, tikumawerenga mainawo ngati zikwangwani wamba.

Atamaliza adatenga lamya. Mwini nyumba yathu, amene bambo uja ankamuopa chotero, adali mwana wa mnzawo wa masiku a matope, ndipo agogowo adamuona ali wakhanda. Zimene adalankhula sitidazimve zonse, adali kuthamanga kwambiri, koma mawu akuti madre, ndiwo mayi, adabwerezedwa kangapo. Loweruka lake mwini nyumba adabwera, adationa, adaona ana, nasaina.

Sitinganene kuti zonse zidatha mokoma. Mwini nyumba adakwezera bambo uja lendi, ndipo ngakhale tidagawana naye ndalama yowonjezerayo, adakhala miyezi iwiri osatilankhula kupatula moni. Mantha ake sadali opanda pake, ndipo ife ndife tidaulula chinsinsi chake popanda kumupempha. Tidapepesa, koma mpaka lero sitikhutira ndi m'mene tidayendetsera mbali imeneyo. Pambuyo pake tidamvanso kuti padali njira ina: malamulo a kuno amati munthu alembedwe pamene akukhaladi, ngakhale alibe mgwirizano wa lendi, ndipo khonsolo ikhoza kutumiza anthu ake kudzatsimikiza. Kaundulayu safunsa ngati mlendo ali ndi chilolezo chokhalira m'dziko kapena ayi. Amene akuganiza zobwera kuno adziwe zimenezi, asadzagule adilesi kwa munthu.

Kapepala kathu tidakalandira mu Okutobala 2023. Mphunzitsi wina adationetsa kuti lamulo la maboma aang'ono la 1985 limati munthu amakhala vecino wa mzinda pa nthawi yomwe dzina lake lalowa m'kaundula. Kotero pamaso pa boma tidakhala ma vecino tsiku limenelo cha m'ma 11 koloko m'mawa. Agogo aja adali atatitcha dzinalo kwa mwezi wathunthu. Mphunzitsi yemweyo adatiuzanso kuti mawu akuti barrio, pamodzi ndi bairro yathu, adachokera ku Chiarabu, ndipo poyamba ankatanthauza za kunja, malo a kuseri kwa linga la mzinda. Pali mawu enanso amene alendo onse kuno amawadziwa, arraigo, kutanthauza kuzika mizu. Ndilo dzina la chilolezo chimene mlendo wopanda mapepala angapemphe akasonyeza kuti wakhala m'dziko muno zaka ziwiri, zimene zidali zitatu kufikira mu Meyi 2025, ndipo umboni woyamba umene ambiri amapereka ndi kaundula yemwe uja.

Alendo onga ife timayenera kukatsimikizanso dzina lathu m'kaundula zaka ziwiri zilizonse, apo ayi amatifufuta. Nthawiyo itakwana chaka cha 2025, amayi adapita okha ku ofesi, ife tili m'kalasi, ndipo adabwerako asanaphike nsima ya masana. Pobwera adapeza agogo aja pakhomo, ndipo adawafunsa kuti kodi vecino m'chilankhulo chathu timati chiyani. Funsoli lidafika mpaka patebulo madzulo. Ana adati ndi neba. Amayi adati ndi woyandikana naye nyumba. Ife tidati ndi mnansi, ndipo amayi adatsutsa kuti mnansi ndi wachibale, si munthu wongokhala naye khomo limodzi. Tidakangana mpaka nsima kuzizira, ndipo m'mawa tidawapatsa agogowo mawu athu omwewo. Chilembo choyambacho chidawakanika. Tsopano tikamatsika masitepe timamva chitseko chawo chikutseguka, iwo n'kufuula kuti, “Buenos días, nansi,” kenaka n'kutipatsa thumba la zinyalala kuti tikawatayire.