Ndalama ya basi

Pa Facebook ndi pa WhatsApp masiku ano simusowa uthenga wopempha thandizo la ana obadwa ndi mlomo wong'ambika. Pamakhala zithunzi ziwiri, china mwana asanasokedwe, china atasokedwa, ndipo pansi pake pali linki yotumizirapo ndalama. Mabungwe monga Smile Train, lomwe linayamba ku New York mu 1999, amasonkhanitsa ndalama mwanjira imeneyi, ndipo ntchito yawo si yabodza. Padziko lonse, pafupifupi mwana m'modzi pa ana 700 amabadwa chonchi. Kusoka mlomo kumatha kutenga nthawi yosakwana ola limodzi. Kuno ku Lusaka, chipatala cha Beit CURE, chomwe chinatsegulidwa mu 2006, chimachita opaleshoni imeneyi kwaulere.

Zonsezi ndimazidziwa chifukwa ndili ndi foni ndi ndalama ya bando. Msuweni wanga wa kumudzi kwathu ku Sinda sankazidziwa.

Mwana wake wachitatu anabadwa mlomo wam'mwamba uli wogawanika mpaka kumphuno. Akamayamwa, mkaka unkatulukira m'mphuno, ndipo thupi silinkakwera. Apongozi ake ankati walodzedwa. Ena ankati mayi anadya chosayenera ali ndi pakati. Iye anangosiya kupita naye kutchalitchi ndi kuchigayo. Nditamuimbira kumuuza kuti madokotala amakonza zimenezi popanda kulipira, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Achimwene, nanga ya basi?"

Funso limeneli simudzaliona pa zithunzi zija. Kuchokera ku Sinda kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 400 pa msewu wa Great East. Wa ku Katete amaonjezera pamenepo. Wa ku Vubwi, kumalire a Malawi ndi Mozambique, ayambe wavutika kuti angofika ku Chipata, ulendo weniweni usanayambe. Mayi ayeneranso kudya panjira, kusiya munda nthawi yopalira, ndi kupeza womusungira ana ena. Wopereka madola ku America walipira kale dokotala ndi ulusi. Chotsala ndi chaching'ono kwambiri moti palibe amachiikira linki, koma n'chokwanira kusunga mwana m'nyumba zaka khumi.

Ana otere ndimakumana nawo akakula. M'kalasi mwanga munali mtsikana amene sanasokedwe kumwamba kwa m'kamwa ali wamng'ono, motero ankalankhulira m'mphuno. Masamu ankakhoza kuposa onse, koma chaka chonse sanakwezepo dzanja. Anzake ankamuyeserera mawu pobwerera kukomboni.

Za msuweni wanga tinazikambirana pa gulu la achibale. Wina anati tiike chithunzi cha mwanayo pa Facebook kuti anthu amve chisoni. Ndinakana. Chithunzi chikalowa pa intaneti sichituluka, ndipo tsiku lina mwanayo adzakhala ku sekondale, anzake ali ndi mafoni. Tinangolemba mawu: mwana wa uje akufunika kupita ku Lusaka. Wogulitsa salaula anatumiza K20 pa Airtel Money, woyendetsa minibasi K50, ine ndinadikira malipiro a pamwezi. Patatha milungu iwiri, ya basi yopita ndi yobwerera inakwana.

Ndinakawachingamira ku Intercity madzulo. Mayiyo anatsika atamuphimba mwana kumaso ndi chitenje, ngakhale kunja kunali kukutentha. Pobwerera kumudzi anamubereka kumsana, nkhope ili poyera, ndipo anakhala pampando wa pawindo.