Gofu wa ku Lilongwe ndi ulimi wa kachewere

Msewu wochokera ku Vila Ulónguè kupita pa chipata cha Calómue ife a ku Angónia timaudziwa ngati njira ya kudimba. Ukaoloka malire ndiye kuti wafika pa Dedza, ndipo kuchokera pamenepo minibasi imatsetsereka makilomita oposa 80 mpaka ku Lilongwe. Ambiri timapitako kukagulitsa kachewere, kukaona abale kapena kuchipatala. Koma sabata ino, awerengi, ndikutengerani kumalo amene timangowalambalala: bwalo la gofu la Lilongwe Golf Club, kufupi ndi mtsinje wa Lilongwe.

Mlimi akalowa pamalowa amayamba wagwira pakamwa. Kapinga wometedwa bwino ali yalaa pakati pa mitengo ikuluikulu, koma phesi la chimanga palibe ngakhale limodzi. Malo oti akanadyetsa mudzi wathunthu anawasungira timaenje 18. Wosewera amamenya kampira koyera ndi ndodo kuchokera kutali mpaka kagwere m'kadzenje, ndipo wopambana ndi amene wamaliza maenje onse atamenya kochepa. Lamulo limalola ndodo zosapitirira 14. Chikwama chake n'cholemera, choncho amachinyamula ndi mnyamata wotchedwa kadi, amene amayenda makilomita angapo kuti apate ya ndiwo.

Mabwana amabwera kuno kudzawongola miyendo akaweruka. Koma alipo ena amene gofu ndiye khasu lawo. Ambiri a iwo anayamba ndi ukadi, kuphunzira poyang'ana, ndipo amadya pokhapokha akachita bwino pa mpikisano.

Mipikisano imeneyi ili m'magulumagulu ngati mpira wa miyendo. Kuno kum'mwera kwa Africa gulu lalikulu ndi Sunshine Tour ya ku South Africa, imene yafikako ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Pansi pake anakhazikitsa Big Easy Tour mu 2011, ndipo ku Kenya anayambitsa Safari Tour mu 2018. M'magulu apansiwa ndimo mumapezeka anyamata a m'mayiko athu ano.

Tsono tamvani mmene chaka chawo chimayendera. Wosewera salandira malipiro a pamwezi. Ulendo amalipira yekha, malo ogona yekha, chakudya, ndalama yolowera mpikisano ndiponso ya kadi, zonse m'thumba mwake. Pa mpikisano wa masiku anayi, akasewera masiku awiri pamakhala kusefa. Pafupifupi theka la osewera amauzidwa kuti alongedze, ndipo amabwerera chimanjamanja. Otsalawo amagawana mphoto, koma yonona imapita kwa ochepa a pamwamba. Womaliza kumunsi nthawi zina zimene walandira sizikwana n'kubweza ya basi. Mawa lake ayenera kusakanso ndalama ya mpikisano wotsatira, mwina wa kudziko lina.

Kodi si zomwe timaziona ife ndi kachewere? Mbewu wagula, feteleza wakongola, mankhwala a chiwawu wathira, matumba walipirira galimoto mpaka pa msika wa Tsangano kapena Lizulu, kenaka ukupeza mtengo wagwa. Chaka chamawa umalimanso, poti walira mvula walira matope. Wosewera gofu wa gulu lapansi ndi mlimi wotere, kungoti iye amavala malaya oyera.

Chitsanzo chili pafupi, kwa anansi athu a ku Zambia. Madalitso Muthiya, dzina lake lomwelo likumveka lakwathu, anabadwa mu 1983. Luso lake linamufikitsa ku sukulu ya ukachenjede ya New Mexico ku America. Mu 2006 anasewera nawo mpikisano waukulu wa US Open pa bwalo la Winged Foot, ndipo anali munthu woyamba wa ku Zambia kufika pamenepo. Komabe atasewera masiku awiri anasefedwa. Zitatero anazungulira m'magulu ang'onoang'ono a ku Canada ndi ku America, n'kubwerera kuno ku Africa. Chikho chake choyamba cha Sunshine Tour anachitenga mu 2016 pa Wild Coast Sun ku South Africa, patatha zaka khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalemba izi chifukwa anyamata athu ambiri akuoloka malire kukasaka maganyu m'tauni, ndipo wina akhoza kukathera pa kapinga ameneyu chikwama chili paphewa. Ngati ndi mwana wanu ndipo dzanja lake likuoneka kuti lili ndi luso, musamuseke, masewerowa ndi ntchito ndithu. Koma mumuuze awerengetse ndalama zotuluka asanawerenge mphoto, monga muchitira inu musanagule feteleza. Mumukumbutsenso kuti Muthiya anadzera kusukulu, ndipo kuti munda wa kumudzi asaugulitse pofuna ndalama ya ulendo.