Ndimayamba ndi Nambala, Injini Pambuyo

Ntchito yanga ndi yokonza galimoto zakale, ndipo kuno ku nyanja ya Chiuta galimoto zakalezo ndizo zimasenza zonse: matumba a mpunga, madengu a matemba ndi milamba youma, odwala opita ku Ntaja kapena ku Liwonde. Zambiri zadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo penapake m'njiramo blue book inasowa, inadyedwa ndi chiswe, kapena ikadali m'dzina la munthu amene anatisiya kalekale. Mwini wake akabwera amafuna ndiyambe ndi injini. Ine ndimayamba ndi nambala ya chasisi, ndipo ndikuti mmisiri aliyense azitero, chifukwa ndalama yothira pa galimoto imene singalembetsedwe ili ngati madzi otungira m'dengu.

Nambalayo siyovuta kuipeza. Pa Hilux ili pa chitsulo cha chasisi, kuseri kwa tayala. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri ili pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, kapena pansi pa mpando. Ndimapukuta girizi ndi palafini, kupala dzimbiri pang'onopang'ono ndi burashi ya waya, kenako kupaka choko ndi kuunika ndi tochi cham'mbali. Nambala ya ku fakitale imakhala pamzere umodzi, yakuya mofanana. Yokhomedwa ndi dzanja imavinavina, ndipo chala chikayenda pa chitsulo chimamva pamene galayinda inadutsa kapena pamene anawotcherera chigamba. Tisasokonezeke ndi kutalika kwake: galimoto zopangidwira misika ya maiko ambiri zili ndi zilembo ndi manambala 17, koma zija zinapangidwira msika wa ku Japan komweko, monga Probox ndi Sienta, zili ndi nambala yaifupi, ndipo kufupikako si umboni wa chinyengo. Ndikaiwerenga ndimaiyerekeza ndi ya pa kachitsulo kokhomedwa ndi marivete, ya pa injini, ndi ya pa pepala lililonse lotsala, ngakhale la inshulansi yakale kapena COF yotha ntchito.

Nambala zikagwirizana, njira ilipo ngakhale ndi yaitali. Ngati galimoto inalembetsedwapo m'Malawi, yokhala ndi nambala monga MHG ya Machinga kapena BLK ya Balaka, mbiri yake imafufuzidwa ku Road Traffic, mu makina a MalTIS. Mwini amakanena ku polisi kuti blue book inatayika, n'kukapempha ina. Ngati dzina ndi la wogulitsa, wogulitsayo afunidwe akadali moyo kuti asinthe umwini. Ngati ndi la malemu, nkhani ndi ya chuma cha masiye, ndipo pafunika makalata osonyeza woyang'anira chumacho, osati kalata ya mwana mmodzi amene anafulumira kugulitsa abale ake asakudziwa. Yovuta kwambiri ndi yolowa kuchokera ku Mozambique. Nyanja yathuyi ili m'malire, ndipo si galimoto kapena njinga yamoto iliyonse imene inadzera pa chipata cha Nayuchi kapena cha Chiponde. Yotereyi iyenera kuonekera ku MRA kuti msonkho uperekedwe, ndiponso apolisi a Interpol atsimikize kuti sikufunidwa kwina.

Anzanga ena amati zonsezi ndi za anthu a m'tauni. Galimoto ya kuno, amatero, imangoyenda m'fumbi pakati pa doko ndi msika, maofesi ali kutali, ulendo wake ndi wodula, ndiye bwanji osatenga blue book ya galimoto ina yomwe inaphwanyika pa ngozi, n'kudula nambala yake, kuiwotcherera pa iyi? Kutalikako ndikukuvomereza, ndipo kumandiwawa kuona munthu wosauka akutha masiku atatu pa pepala limodzi. Ndikanakonda a Road Traffic azifika ku Ntaja ndi ku Nsanama pa masiku oikika. Koma chigambacho sichimuthandiza wosaukayo. Chitsulo chokhomedwa chimapanikizika mpaka mkati, kotero akatswiri amatha kudzutsa nambala yofufutidwa pothira asidi; ndipo msoko wa kuwotcherera subisika kwa munthu wodziwa kuyang'ana. Tsiku lozindikirika, galimoto imagwidwa, ndipo woyankha mlandu ndi amene wapezeka nayo pamodzi ndi mmisiri amene anagwira nyundo. Komanso galimoto siikhala m'fumbi mpaka kale. Mayi akadwala usiku imalowa mu tala, ndipo ikagunda munthu, a inshulansi angathe kukana kulipira chifukwa pepala likunena za galimoto ina. Wotsala m'madzi ndi wovulalayo, amene mwina ndi mnansi wathu yemwe.

Ena amati munthu anagula ndi mtima woyera, mfumu ndi mboni zinalipo, nanga ife amisiri tikhale apolisi? Kalata ya amfumu ndimailemekeza, ndipo ndimalangiza aliyense aisunge chifukwa imasonyeza amene anagulitsa ndi tsiku lake. Koma imachitira umboni kugulako kokha. Siingadziwe kumene galimoto inachokera isanafike m'mudzi. Kuseri kwa nambala yofufutidwa kawirikawiri kuli munthu wina, ku Cuamba kapena ku Johannesburg, amene anabedwa. Madobadoba olonjeza mapepala a tsiku limodzi nawonso sadziwa zimenezo, amangodziwa mtengo wawo.

Choncho ndikapeza nambala yosokonezedwa ndimauza mwini wake pomwepo, ndisanamasule bawuti ngakhale imodzi, kuti apite nayo ku polisi iyeyo asanafunidwe. Ikakhala yoona koma dzimbiri likuidya, ndimaijambula pa foni, kuidinda pa pepala ndi pensulo, kuipaka girizi, ndipo injini ndimaitsegula akabwerako ku Road Traffic.