Kupalasa Njinga Momwe Munkadutsa Sitima

Mphunzitsi mnzanga, ngati munakulira kumadera athu kuno, njinga mumaidziwa ngati chida cha ntchito. Imasenza matumba a makala ndi a chimanga, imaperekeza wodwala kuchipatala, ndipo kwa wakabaza ndiwo munda wake. Mumadziwanso mmene munthu amapalasira pamsewu wa tala: khutu limakhala kumbuyo kumvetsera lole, thupi lili chire kuti lipatukire kutchire. Pano ndikufuna ndikufotokozereni za kupalasa kwa mtundu wina, kwa ulendo wa masiku angapo m'dera la mapiri, panjira zimene galimoto sililoledwa n'komwe. Nkhaniyi imandibwerera kawirikawiri ndikakhala kumbuyo kwa kalasi kuonerera phunziro la chinenero, ndipo chifukwa chake muchiona tikamapita.

Dera lake ndi Peak District, ku England, pakati pa mizinda ya Manchester, Sheffield ndi Derby. Mu 1951 linakhala dera loyamba ku Britain kuikidwa m'gulu la malo achilengedwe otetezedwa a dziko lonse. Chakummwera kwake kuli zitunda za miyala ya laimu, zigwa zakuya, nkhosa, ndi mipanda ya miyala yongosanjikiza popanda simenti. Misewu yake yambiri ndi yopapatiza, yokhotakhota ndiponso yokwera moti wapanjinga wosazolowera amatsika n'kuyamba kukankha. Koma m'zaka za m'ma 1960 njanji zingapo za m'derali zinatsekedwa. Zitsulo zake anazizula, pamalopo n'kusalazapo bwino, ndipo zinasanduka njira za oyenda pansi, apanjinga ndi okwera akavalo. Zodziwika kwambiri zilipo zitatu. Tissington Trail ndi ya makilomita 21, kuchokera ku Ashbourne kukafika ku Parsley Hay, ndipo inatsegulidwa mu 1971. Monsal Trail ndi ya makilomita pafupifupi 14, kuchokera ku Bakewell kulowera cha ku Buxton. High Peak Trail ndi ya makilomita 27, kuyambira pafupi ndi Cromford.

Ndinaziyenda zonse zitatu pa njinga yobwereka, n'kumagona m'midzi ya m'mbali mwa njira. Choyamba chimene ndinaona ndi mmene mutu umapepukira magalimoto akachoka. Mphamvu zonse zimene munthu amawononga pochenjerera ngozi zimabwerera kwa iye. Umayamba kuona mbalame, kuwerenga zikwangwani zofotokoza mbiri ya malo, ndi kucheza ndi mnzako mukupalasa moyandikana. Ndinakumana ndi ana aang'ono amene njinga zawo zinkapita uku ndi uku ngati nkhuku yoledzera, makolo awo akuwatsatira osakuwa. Mwana akagwa ankadzuka, kudzisansa, n'kukweranso, chifukwa kugwa pamenepo mtengo wake ndi bondo losupuka basi. Malamulo alipo ndithu: uimbe belu usanadutse oyenda pansi, uchepetse liwiro ukaona kavalo. Koma ndi malamulo a ulemu, osati a imfa.

Chachiwiri ndi mtunda. Pa Monsal Trail mapiri amakuzinga mbali zonse, koma miyendo siimva kuti ukukwera. Chifukwa chake chili m'magudumu a sitima. Chitsulo pa chitsulo chimaterera, choncho sitima yolemera siingakwere chitunda chimene ngolo ya ng'ombe ingakwere. Amene anamanga njanjiyi, yomwe inatsegulidwa mu 1863, anayenera kuyeza kuti m'malo ambiri izikwera pafupifupi mita imodzi yokha pa mamita 100 aliwonse. Kuti zimenezi zitheke anagumula matanthwe, anaboola mapiri, namanga milatho podutsa zigwa. Phanga loboola la Headstone ndi lotalika pafupifupi theka la kilomita. Ukatulukamo umangopezeka uli pamwamba pa mlatho wamiyala, mtsinje wa Wye ukuyenda pansi patali. Njanjiyi itatsekedwa mu 1968, mapanga akuluakulu anakhala otseka kwa zaka zambiri, ndipo oyenda ankazungulira ndi tinjira tokwera mapiri. Anayi mwa iwo anatsegulidwa ndi kuikidwa magetsi mu 2011, ndipo kuyambira pamenepo agogo ndi adzukulu awo amadutsa chigwa chonsecho tsiku limodzi. Mapiri akadali pomwe anali. Kufewa kwa ulendowo ndi thukuta la anthu ena amene anayeza ndi kukumba kalekale.

High Peak Trail ili ndi khalidwe lina. Njanji yake inatha kumangidwa mu 1831, sitima zisanakhwime, ndipo mmisiri wake, Josias Jessop, anailinganiza ngati ngalande yoyendamo mabwato: malo aatali athyathyathya, kenako chitunda chimodzi chowongoka, kenakonso pathyathyathya. Pamalo osalala mabogi ankakokedwa ndi akavalo. Pa zitunda anamanga injini za nthunzi pamwamba pa phiri, zosayenda, zimene zinkakoka mabogi ndi unyolo, ndipo pambuyo pake ndi zingwe zachitsulo. Chitunda cha Middleton chimakwera pafupifupi mita imodzi pa mamita 9 aliwonse, ndipo nyumba ya injini yake, yomangidwa mu 1829, ikadalipo pa Middleton Top. Lero injiniyo siikoka aliyense. Ine ndinatsika n'kukankha njinga mpaka pamwamba, ndipo sindinali ndekha. Mabanja a ana aang'ono amene ndinawaona tsiku limenelo anali atayambira pamwamba pomwepo, chitundacho osachiyesa n'komwe.

Tsopano tibwere m'kalasi mwanu. Mwana wophunzira chinenero chatsopano, kaya ndi Chingerezi, Chipwitikizi kapena Chichewa kwa amene kwawo amayankhula china, ali m'dera la mapiri. Zimenezo simungazisinthe. Chimene chili m'manja mwanu ndi njira imene akudutsamo. M'makalasi ambiri amene ndawayendera, mwana akaimirira kuti ayankhe amakhala ngati wapanjinga pamsewu wa malole. Akumvetsera anzake ngati ayamba kuseka, akuyang'ana nkhope ya aphunzitsi, akuwerengera zimene zimutsatire akalakwa. Nzeru zimene zikanapita pomanga chiganizo zathera pa mantha. Ndiye amasankha chinthu chanzeru: kukhala chete, kapena kubwereza mawu a m'buku amene akudziwa kuti sangamuike m'mavuto. Ife timalemba kuti mwanayu ndi wofooka, chonsecho sitinamuonepo akupalasa pamalo opanda magalimoto.

Malo oterowo angapezeke ngakhale m'kalasi la ana 90. Patulani mphindi 10 zimene ophunzira akuyankhula awiriawiri onse nthawi imodzi, inu mukuyendayenda ndi kumvetsera, osadula aliyense pakamwa. Zolakwa zimene mwamva zisungeni, ndipo pamapeto musankhe ziwiri zimene zabwerezedwa kwambiri, muzikonze pabolodi popanda kutchula mwini wake. Auzeni poyera kuti m'mphindi zimenezi mulibe malikisi, ndiponso kuti kuseka mnzako ndiko kulakwa kokha kumene muli nako ntchito. Phokoso lidzakhalapo, ndipo ndi bwino kuwadziwitsiratu ahedi kuti ndi phokoso la ntchito.

Mtunda nawo umayezedwa. Kafukufuku wa Paul Nation ndi anzake anasonyeza kuti munthu amawerenga yekha n'kumva bwino ngati akudziwa kale mawu pafupifupi 98 pa mawu 100 aliwonse a m'nkhaniyo. Mawu achilendo awiri pa 100 ndi mtunda umene mwana amakwera osazindikira. Akafika 15, ndi chitunda cha Middleton. Musanagawe nkhani yowerenga, itanani wophunzira mmodzi wapakatikati, osati wanzeru koposa onse, awerenge mawu 100 oyambirira n'kulemba mzere pansi pa mawu aliwonse amene sakuwadziwa. Mizere ikachuluka, ntchito yokumba ndi yanu: lembaninso ndimeyo ndi mawu osavuta, phunzitsani mawu ofunikira musanayambe, kapena igaweni pawiri. Ntchito imeneyi imachitika madzulo, patebulo panu, ndipo palibe amene adzakuyamikireni. Ana adzangoti nkhani ya lero inali yosavuta.

Koma pali zitunda zimene simungazisalaze. Chachikulu ndi chaka chimene ana amasiya kuphunzira m'chinenero chakwawo n'kuyamba kuphunzira masamu, sayansi ndi zonse m'chinenero cha boma. M'maiko athu chakachi chimagwa m'makalasi osiyanasiyana, ndipo sichisankhidwa ndi inu. Apa ndi pamene ndimakumbukira injini ya pa Middleton Top. Amisiri aja sanauze kavalo kuti alimbikire. Anavomereza kuti pamenepa mphamvu za kavalo sizikwana, naika chokokera. Chingwe chimene inu muli nacho ndi chinenero chimene mwana wabwera nacho kuchokera kunyumba. Mulekeni ayambe wakambirana funsolo ndi mnzake m'chinenero chakwawo, ganizo likhazikike, kenako mumuthandize kulivala mawu atsopano. Kumulanga chifukwa choyankhula chakwawo pa chitunda chimenechi kuli ngati kudula chingwe bogi lili pakati pa phiri.

Mwina mukuti: mayeso a boma sadzakhala njira yopanda magalimoto, ndipo wofunsa ntchito sadzayeza mawu ake. N'zoona. Tissington Trail nayo imathera m'tauni ya Ashbourne, ndipo ukatuluka umakumana ndi mabasi ndi malole ngati kwina kulikonse. Choncho masiku ena ophunzira anu ayenera kuimirira pamaso pa kalasi lonse, kulemba nthawi ikuwerengedwa, ndi kuwerenga nkhani imene simunaifewetse. Nkhani ili pa chimene chiyambe. Amene amalowa mumsewu waukulu miyendo italimba kale, manja akudziwa pamene pali mabuleki, amangowonjezera chinthu chimodzi, kuchenjerera magalimoto. Amene amaphunzirira kupalasa pakati pa malole amaphunzira zonse nthawi imodzi, ndipo ambiri amaitsamiritsa njinga pakhoma osaikhudzanso. Ana amene amakhala chete kumbuyo kwa makalasi athu, ena n'kudzasiya sukulu, ambiri ndi a gulu lachiwirili.

Musanapite ku gawo lotsatira, tengani phunziro limodzi limene mwakonza sabata ino. Ndi pensulo, chongani malo amene wophunzira angalakwe popanda kulipira kanthu, ndipo muwerengere kuti ndi mphindi zingati. Werengani mawu achilendo m'ndime imene mudzawapatse. Kenako pezani chitunda chimene simungachipewe, ndipo pambali pake mulembe chimene mudzawakokere nacho. Zimene mupeze mubwere nazo pokambirana ndi aphunzitsi anzanu a m'gulu lanu.